Mzere woonda ngati ulusi: ulendo wa zilembo zaulemu kuchokera ku Parma kufika ku Gaborone

Munthu akamayenda wapansi mu Gaborone, kuchokera ku Main Mall kulowera kokwerera mabasi, amawerenga zinthu zambiri asakuzindikira n'komwe kuti akuwerenga. Pali mayina a misewu, mayina a madera olembedwa pa makombi opita ku Tlokweng, Mogoditshane ndi Broadhurst, mitengo ya katundu pa mawindo a masitolo, komanso mitu ya nkhani za m'nyuzipepala. Zambiri mwa zilembo zimenezi n'zonenepa mofanana mbali zonse, ngati zolembedwa ndi chala choviika mu penti. Koma ukaima pakhomo pa sitolo ya mphete, mafuta onunkhira kapena madiresi a ukwati, kawirikawiri umapeza zilembo za mtundu wina. Mizere yake yoimirira ndi yojintcha ngati nsanamira, pamene yopingasa ndi yoonda ngati ulusi wosokera. Usanawerenge n'komwe dzina la sitoloyo, zilembozo zimakhala zakuuza kale kuti katundu wa m'menemo ndi wokwera mtengo.

Akatswiri a zosindikiza amatcha banja la zilembo zoterezi Didone. Dzinali linatchuka mu 1954, pamene Maximilien Vox wa ku France ankagawa mitundu ya zilembo m'magulu, ndipo linapangidwa polumikiza mayina awiri: Didot wa ku Paris ndi Bodoni wa ku Parma. Kukongola konse kwa zilembozi kwagona pa mzere woondawo. Mzere womwewo ndi umene umayamba kusowa pepala likakhala lotchipa, inki ikachepa, dzuwa likawomba kwa miyezi ingapo, kapena maso a wowerenga akakalamba. Amene akudziwa mmene mzerewu unabadwira savutika kudziwa malo amene umayenera ndi amene suyenera.

Johannes Gutenberg atayamba kusindikiza ndi zilembo zachitsulo ku Mainz m'zaka za m'ma 1450, osula zilembo ankatsanzira dzanja la alembi. Alembiwo ankalemba ndi nthenga yosongoledwa mophwatalala kunsonga. Cholembera chotero chimatulutsa mzere wonenepa pena ndi woonda pena, koma kusiyana kwake sikukula kwambiri. Zipangizo za nthawiyo sizikanalolanso kuti kusiyanako kukule. Pepala linali lopangidwa pamanja, lokhakhala, ndipo ankalinyowetsa asanalisindikize. Makina anali amatabwa. Mzere woonda kwambiri ukanathyoka pa chitsulo kapena ukanatuluka modukaduka pa pepala. Kwa zaka pafupifupi 300, zilembo za m'mabuku a ku Ulaya zinakhala zolimba thupi lonse.

Zinthu zinayamba kusintha ndi John Baskerville wa ku Birmingham. Iye anayamba ngati mphunzitsi wa kalembedwe ndi wozokota mawu pa miyala ya pamanda, kenako analemera ndi malonda a ziwiya zopakidwa vanishi. Chuma chakecho anachilowetsa m'ntchito yosindikiza. Anakonza inki yakuda bii, anagwiritsa ntchito pepala losalala, ndipo mapepala akasindikizidwa ankawapanikiza pakati pa mbale zamkuwa zotentha kuti aziwala. Buku lake loyamba, ndakatulo za Virgil, linatuluka mu 1757. Anthu ena anadandaula kuti mizere yake yoonda ikupweteka maso. Benjamin Franklin, amene anali wosindikiza nayenso, analembera Baskerville kalata yofotokoza mmene anapusitsira munthu wina wodandaula chotere. Anamupatsa pepala la zilembo zakale za Caslon n'kumuuza kuti ndi za Baskerville, ndipo munthuyo anayamba kuloza zolakwa zake, akuti maso akumuwawa. Nkhaniyi ndi yoseketsa, koma ikusonyeza kuti mkangano wa kukongola ndi kuwerengeka unabadwira limodzi ndi zilembozi.

Amene anapititsa patsogolo ntchito ya Baskerville anali a banja la Didot ku Paris ndi Giambattista Bodoni ku Italy. François-Ambroise Didot anabweretsa pepala losalala lija ku France, ndipo mwana wake Firmin Didot anasula zilembo za mtundu watsopanowu cha mu 1784. Bodoni, amene anabadwa mu 1740, anaitanidwa ku Parma mu 1768 kuti akayang'anire nyumba yosindikizira ya wolamulira wa kumeneko. Anagwira ntchito mumzindawo mpaka imfa yake mu 1813, ndipo mkazi wake Margherita ndiye anatulutsa mu 1818 buku lalikulu losonyeza zilembo zonse zimene mwamuna wake anasula, Manuale Tipografico. M'zilembo za anthu awiriwa, dzanja la mlembi wakale silionekanso. Kunenepa konse kuli pa mizere yoimirira chilili. Timapazi ta zilembo, timene osindikiza amati serif, ndi timizere tosalala tolumikizidwa ku tsinde popanda kukhota. Nsonga za zilembo monga a, c, f ndi r zimathera pa kadontho kozungulira. Mabuku amene ankasindikizidwa ndi zilembozi anali a anthu olemera: masamba aakulu, mipata yotakasuka pakati pa mizere, ndi malo oyera ambiri m'mbali. Kuyambira pachiyambi, mzere woonda unkafuna pepala labwino ndi malo okwanira.

Pali chinthu chimodzi chimene osula zilembo ankachita chimene chinadzaiwalika pambuyo pake. M'nthawi ya chitsulo, saizi iliyonse ya chilembo inkasulidwa payokha. Mmisiri ankatenga kamtengo kachitsulo cholimba n'kuzokota chilembo kunsonga kwake, ankachikhomera pa mkuwa kuti apange chikombole, ndipo m'chikombolemo ankathiramo mtovu wosungunuka wosakaniza ndi zitsulo zina. Posula tizilembo ta m'kati mwa buku, ankanenepetsa dala mizere yoonda ija n'kutakasula mipata. Posula zilembo zazikulu za pa tsamba loyamba, m'pamene ankaondetsa mzerewo mpaka kufika pa ulusi. Dzina la zilembozo linali limodzi, koma maonekedwe ake ankasintha malinga ndi ntchito.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, amalonda a ku London anafuna zilembo zoti zizioneka munthu ali kutsidya kwa msewu. Osula zilembo, mmodzi mwa iwo Robert Thorne, anatenga zilembo za Didot ndi Bodoni n'kunenepetsa mizere yoimirira mopitirira muyeso, yoondayo n'kuisiya momwemo. Zotsatira zake zinatchedwa fat face. Zinkamatidwa m'makoma kulengeza maere a lotale, zisudzo ndi misika yogulitsa katundu mopikisana mitengo. Apa m'pamene panayambira lingaliro lakuti pali zilembo zowerengera nkhani, ndipo pali zina zokopa maso. Banja limodzi lomwelo linakhala ndi nthambi ziwiri: ina yolankhula motsitsa mawu m'nyumba za mafumu, ina yofuula pamsika.

M'zaka zimenezo, pamene zilembo za mtundu wa Didone zinali zitalowerera pafupifupi m'mabuku, m'nyuzipepala ndi m'mabaibulo onse osindikizidwa ku Britain, Robert Moffat wa bungwe la London Missionary Society anali ku Kuruman, pakati pa Batlhaping, akuphunzira Chitswana. Uthenga wa Luka umene anamasulira unasindikizidwa ku Cape Town mu 1830, ndipo chaka chotsatira anafika ku Kuruman ndi makina osindikizira oyendetsa pamanja atawanyamula pa ngolo ya ng'ombe. Chipangano Chatsopano chinasindikizidwa ku London mu 1840. Baibulo lonse linamalizidwa mu 1857 pa makina a ku Kuruman aja, William Ashton akuthandiza pa kumasulira ndi kusindikiza. Zilembo zachitsulo sizinkasulidwa pa mishoni. Zinkachokera kutali, ndipo zinkabwera ndi maonekedwe amene anali m'fasho kumene zinasulidwako.

Mabuku a ku Kuruman anafika mpaka kudera limene lero kuli Gaborone. David Livingstone, mkamwini wa Moffat, anamanga mishoni ku Kolobeng mu 1847, pafupi ndi mudzi wa Kumakwane wa masiku ano. Kgosi Sechele wa Bakwena anaphunzira kuwerenga mofulumira kwambiri ndipo anabatizidwa mu 1848. Mu 1852, pa nthawi ya nkhondo ya ku Dimawe pakati pa Bakwena ndi Maburu, nyumba ya Livingstone inathyoledwa ndipo mabuku ake anang'ambidwa. Livingstone yemweyo anafika pa Nyanja ya Malawi mu 1859, ndipo amishoni amene anatsata mapazi ake anaika makina osindikizira ku Blantyre ndi ku Livingstonia. Buku Lopatulika limene ambirife tinakula nalo linatuluka mu 1922, patadutsa zaka 65 chimalizikireni Baibulo la ku Kuruman. Chitswana ndi Chichewa zinakumana ndi chitsulo cha osindikiza kudzera njira imodzi, ndipo mavuto amene zinapeza ndi ofanana.

Vuto loyamba linali la chiwerengero. Osula zilembo a ku Britain ankagulitsa zilembo m'mitolo yowerengedwa motsata Chingerezi, mmene chilembo e ndicho chimachuluka. M'zinenero zathu, a ndiye mwini mudzi, ndipo m, n, k ndi w zimafunika kwambiri kuposa mmene Chingerezi chimazifunira. Wosanja zilembo ankatha kupeza kuti chilembo china chamuthera tsamba lisanathe. Vuto lachiwiri linali la kalembedwe. Nyuzipepala ya Mahoko a Becwana, imene inkatuluka ku Kuruman kuyambira 1883 mpaka 1896, inkasindikiza makalata a Atswana eni ake, ena akutsutsa mmene amishoni ankalembera chinenero chawo. Mu 1902 Sol Plaatje, mothandizidwa ndi ndalama za Silas Molema, anayamba kukonza nyuzipepala ya Koranta ea Becoana ku Mafeking, m'Chitswana ndi m'Chingerezi. Mayina a nyuzipepala ziwirizi okha akusonyeza mkanganowo: Becwana apa, Becoana apo, Bechuana m'makalata a boma, Batswana lero.

Kalembedwe ka Chitswana kanadzakhala ndi zilembo zovala timazizindikiro: ê, ô ndi š. Chichewa chinali ndi ŵ wake, amene m'nthawi ya Dr Banda ankaoneka m'dzina lakuti Malaŵi, ndipo Chitumbuka chimamugwiritsabe ntchito. Zilembo zimenezi timazipeza m'mafonti ambiri lero chifukwa cha zinenero zina: ê ndi ô zili m'Chifalansa, š ali m'chinenero cha ku Czech, ŵ ali m'chinenero cha ku Wales. M'zilembo za Didone, kachipewa kameneka kamakhala ndi mbali zoonda, choncho kamasowa msanga chilembo chikachepa. Anthu ambiri olemba tsiku ndi tsiku, ku Botswana ndi ku Malawi komwe, anasiya kale kuika timazizindikiro timeneti. Zifukwa zake n'zambiri, koma zipangizo zimene zinkavuta kutulutsa timazizindikiroti, kuyambira pa taipi mpaka pa foni, zinathandizira.

Gaborone ndi mzinda wachichepere poyerekeza ndi mbiri yonseyi. Dziko la Bechuanaland linkalamuliridwa kuchokera ku Mafeking, kunja kwa malire ake, mpaka 1965. Ntchito yomanga likulu latsopano inayamba mu 1964, ufulu unadza pa 30 September 1966, ndipo dzina linasintha kuchoka pa Gaberones kukhala Gaborone mu 1969. Mzinda umene anaukonzera anthu pafupifupi 20,000 lero uli ndi anthu oposa 200,000. Boma linali ndi magazini yake ya Kutlwano ndi nyuzipepala ya Daily News. Botswana Guardian inayamba mu 1982, ndipo Mmegi, imene Patrick van Rensburg anaiyambitsa ku Serowe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, inadzukanso mu 1984. Tanthauzo lake n'lakuti ntchito yosindikiza mu Gaborone inakula pa nthawi imene chitsulo chinali kutha. Poyamba kunadza makina osanja zilembo pogwiritsa ntchito kuwala ndi filimu, kenako kompyuta. Makina atsopanowa amatenga chithunzi chimodzi cha chilembo n'kuchikulitsa kapena kuchichepetsa. Nzeru ya amisiri akale, yosula saizi iliyonse payokha, inatsalira m'mbuyo. Fonti imene inajambulidwa kuti ikhale mutu wa nkhani tsopano ingathe kufinyidwa mpaka kukhala tizilembo ta pansi pa tsamba, ndipo kompyuta sikukaniza.

M'zaka zomwezo, zilembo za Didone zinapeza ntchito yatsopano kunja. Magazini a mafasho a Harper's Bazaar ndi Vogue anazitenga kukhala nkhope yawo, moti mu 1991 Harper's Bazaar inalemba ntchito Jonathan Hoefler kuti aijambulire Didot wakewake, wokhala ndi maonekedwe osiyana pa saizi zosiyana monga ankachitira akale. Kuchokera m'magazini amenewa, mzere woonda unasanduka chizindikiro cha zovala zodula, mafuta onunkhira ndi miyala ya mtengo wapatali. Apa mbiri ya zilembo ikukumananso ndi ya Botswana. Dayamondi anapezeka ku Orapa mu 1967, mgodi wa Jwaneng unatsegulidwa mu 1982, ndipo mu 2013 kampani ya De Beers inasamutsa malonda ake a dayamondi wosasema kuchoka ku London kupita ku Gaborone. Mzinda umene umagulitsa dayamondi ku dziko lonse unayamba kukhala ndi mahotela, masitolo ndi misonkhano yofuna kuoneka yapamwamba. Kuyambira mu 2011 mafonti aulere monga Playfair Display ndi Abril Fatface anafika pa intaneti, ndipo zilembo zimene kale zinali za mafumu a ku Parma zinakhala m'manja mwa aliyense wokhala ndi laputopu ndi makina a fotokope.

Ubwino wake ndi woonekeratu, koma taganizirani za pulogalamu ya maliro. Ku Botswana mwambo woika maliro umayamba m'bandakucha, kawirikawiri Loweruka, ndipo anthu amalandira kapepala kokhala ndi chithunzi cha malemu, mbiri yake, mayina a olankhula ndi nyimbo. Wokonza kapepalako amafuna kulemekeza malemu, choncho amasankha zilembo zooneka zaulemu. Pa kompyuta yake zonse zimawala bwino. Kenako amazichepetsa kuti mbiri yonse ikwane pa tsamba limodzi, ndipo makina a fotokope amatulutsa makope mazana angapo inki ikunka nichepa. Agogo amene aima panja kusanache bwino amangoona timitengo takuda tondandalikana ngati mpanda. Mzere wapakati wa e ukasowa, e amafanana ndi c. Mizere yoonda ya 4 ikasowa, amatsala ngati 1, ndipo chaka chobadwa malemu chimasintha. Timizere tolumikiza miyendo ya m, n, u ndi h tikasowa, mawu a Chitswana monga mma, nna ndi mmele, kapena a Chichewa monga mwamuna ndi anamwino, amasanduka mzera wa nsichi. Zinenero zathu zili ndi mawu aatali odzaza ndi zilembo zoterezi, motero zimavulala msanga kuposa Chingerezi. Vuto lomweli likagwera pa chizindikiro cha botolo la mankhwala, pa nambala ya akaunti ya kubanki kapena pa tsiku la mayeso, kutayika kwake kumaposa kwa ulemu.

Pamsewu, nkhani imeneyi inaweruzidwa kale. Likulu la bungwe la SADC lili mu Gaborone momwemo, ndipo buku la bungweli la malamulo a zikwangwani za pamsewu limagwiritsa ntchito zilembo za DIN 1451, zimene zinakhazikitsidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1930. Zilibe timapazi, ndipo mzere wake ndi wonenepa mofanana paliponse. Woyendetsa galimoto pa msewu wa A1 wopita ku Francistown amakhala ndi kanthawi kochepa kwambiri koti awerenge, mwina usiku, mwina dzuwa likumuthobwa m'maso. Pamenepo palibe amene amafuna kukongola kwa Bodoni.

Malo a zilembo za mzere woonda alipo, ndipo pamalo pakepo palibe zina zozipambana. Zimayenera pamene mawu ndi ochepa ndipo ndi aakulu: dzina la magazini, mutu wa buku, mayina a mkwati ndi mkwatibwi pa khadi la ukwati, dzina la malemu pa tsamba loyamba la pulogalamu ija, dzina la sitolo pa galasi limene munthu amaliona ali pafupi. Zimafuna kumbuyo koyera kapena kwa mtundu umodzi, chifukwa pa chithunzi chodzaza zinthu mzere woonda umamira. Zakuda pa pepala loyera zimapirira kuposa zoyera pa pepala lakuda, popeza inki yakuda imafalikira n'kutseka kamzere koyerako, makamaka pa pepala la nyuzipepala limene limamwa inki. Pa chikwangwani cha panja chodulidwa mu pulasitiki womata, timizere toonda ndi timene timayamba kumatuka ndi kutentha kwa October. Pa yunifolomu yopetedwa ndi ulusi, singano singathe kutulutsa mzere woonda kuposa ulusi wake. Nkhani yaitali ya pansi pa mutu iyenera kupatsidwa zilembo zolimba thupi lonse, ndipo ziwirizi zikaikidwa pamodzi zimakometsana. Ngati fonti ili ndi mitundu iwiri, wina wa mitu ndi wina wa nkhani, wokonza asankhe woyenera saizi yake, pakuti kumeneko ndiko kubwerera ku nzeru ya osula chitsulo. Ndipo asanagule kapena kukopera fonti, alembe kaye Malaŵi, setšhaba ndi mawu okhala ndi ê ndi ô, aone ngati timazizindikiro tilipo ndiponso ngati tikuoneka.

Suti ya ukwati ndi yabwino, koma sitilimira kumunda. Bodoni ndi Didot ankadziwa zimenezi za zilembo zawo, n'chifukwa chake ankasankha okha pepala, inki ndi saizi. Ife tinalandira zilembozo popanda malangizo ake, poyamba m'mabokosi a amishoni, kenako pa intaneti. Anthu ena a kuno kwathu anayamba kale kufunsa mafunso ozama kuposa awa. Nolence Mwangwego wa ku Malawi anayamba mu 1979 kupanga zilembo zakezake zolembera zinenero za m'dziko mwake. Saki Mafundikwa wa ku Zimbabwe anatsegula sukulu ya zojambula ya ZIVA ku Harare mu 1999 ndipo mu 2004 anatulutsa buku la Afrikan Alphabets. Achinyamata amene akuphunzira zojambula mu Gaborone, Lilongwe ndi Lusaka angadzajambule zilembo za mzere woonda zoyezedwa pa mawu a Chitswana ndi Chichewa, zokhala ndi a wotakasuka ndi ŵ wovala chipewa cholimba. Pakadali pano, mayeso amene ali m'manja mwa aliyense ndi osavuta. Sindikizani tsamba limodzi pa makina omwewo amene adzatulutse makope onse, mulipereke kwa munthu wamkulu woposa onse amene adzaliwerenge, pa ola limene adzaliwerenge. Akayamba kulisendeza kufupi ndi maso, siyani zilembo zokongolazo pa dzina lokha, zotsalazo muzisinthe.